Mlongo wanga ali m'ndende ku America ndipo akufuna digiri, kodi nzoona zimenezi?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene wapempha kuti ndisatchule dzina lake. Ndaiwerenga kangapo ndisanayankhe chifukwa nkhaniyi imandikhudza kwambiri. Ndaidulako pang'ono koma mfundo yake ndi iyi:

"Mlongo wanga wamng'ono wa zaka 31 ali m'ndende ku America. Anamugamula zaka 9 ndipo wagwira kale ziwiri. Wandiimbira foni kuti kundende kwawoko akhoma chipepala choti ofuna sukulu ya koleji alembetse, ena setifiketi ena digiri, akuti zaulere. Kupatula apo wapezanso sukulu ina yophunzira kudzera m'makalata, imeneyo ikufuna ndalama ndipo akuti ndimutumizire. Amayi akuti ndisataye ndalama, munthu woti dzina linada kale pepala limuthandiza chani. Ine mutu waima. Zimenezi nzoona? Amalipira ndani? Nanga atenge chiti, setifiketi kapena digiri?"

Achemwali, zikomo pondikhulupirira ndi nkhani yolemera chonchi, ndikudziwa kuti m'mabanja ambiri za wachibale amene ali m'ndende zimanenedwa monong'ona ndipo nthawi zambiri munthu m'modzi ndi amene amasenza zonse, mafoni, makalata, ndalama, ndipo apa zikuoneka kuti munthuyo ndinu. Yankho langa lachidule ndi loti inde nzoona, mlongo wanuyo alembetse dzina pa chipepala chija mawa lomwe asadikire. Koma ndalama za sukulu ya makalata ija gwirani kaye, musatumize olo dola imodzi mpaka mutawerenga zimene ndalemba m'munsimu.

Tiyambe ndi funso la amene amalipira chifukwa mawu oti "zaulere" ndi amene amakayikitsa anthu. Ku America boma lalikulu lili ndi thandizo lotchedwa Pell Grant, ndalama zimene amalipirira koleji ophunzira ochokera m'mabanja opeza movutikira, ndipo si ngongole ayi, subweza. Dzinalo linachokera kwa senator Claiborne Pell wa ku Rhode Island amene analimbikira nkhaniyi. Kale akaidi ankalandira nawo ndipo m'ndende zambiri munali makalasi a koleji, mapulogalamu mazanamazana ndithu. Ndiye mu 1994, Bill Clinton ali pulezidenti, anakhazikitsa lamulo lalikulu lokhwimitsa zilango ndipo mkati mwake anaikamo ndime yoletsa akaidi a m'ndende za state ndi za federal kulandira Pell. Andale ankati zingatheke bwanji wopalamula aziphunzira ulere mwana wa munthu wosalakwa akusowa fizi, mawu okoma kuwamva pamsonkhano, koma chilungamo chake ndalama zimene zinkapita kwa akaidi sizinkakwana ndi 1 peresenti yomwe ya Pell yonse, ndipo panalibe mwana wa kunja kwa ndende amene ankamanidwa chifukwa choti mkaidi walandira. Pasanathe zaka zambiri makoleji analongedza mabuku nkutuluka, kunangotsala mapulogalamu owerengeka. New York nayo inatseka thandizo lake lotchedwa TAP kwa akaidi mu 1995 ndipo linadzabwerera mu 2022.

Zochepa zimene zinapitirira zinali za anthu olimba mtima ndi ndalama za akufuna kwabwino. Ku ndende ya San Quentin ku California aphunzitsi ongodzipereka anayamba makalasi mu 1996, lero ndi koleji yoima payokha, Mount Tamalpais College, mkati mwa ndende momwemo. Ku ndende ya Sing Sing ku New York kunabadwa bungwe la maphunziro a akaidi la Hudson Link mu 1998, akaidi eni ake atadandaula kuti sukulu ibwerere. Max Kenner anayambitsa Bard Prison Initiative mu 1999 iye mwini akadali mwana wasukulu pa Bard College, ndipo mu 2015 ophunzira a pulogalamu imeneyi a ku ndende ya Eastern New York anagonjetsa timu ya Harvard pa mpikisano wa mtsutso. Ndatchula zimenezi kuti mudziwe kuti sukulu ya m'ndende ikakhala yeniyeni imakhala yeniyeni ndithu, samafewetsa mayeso poti awa ndi akaidi.

Boma linayamba kubweza moto pang'onopang'ono. Mu 2015 boma la Obama linalengeza zoyeserera zotchedwa Second Chance Pell ndipo mu 2016 makoleji 67 anasankhidwa kuti ayambe. Mu December 2020 Congress inachotseratu chiletso chija, Donald Trump nkusainira, ndipo zinayamba kugwira ntchito pa 1 July 2023. Lamulo latsopanoli silisankha kuti munthu anapalamula mlandu wanji kapena anagamulidwa zaka zingati. Ndiye chipepala chimene mlongo wanu waona chija mwachidziwikire chachokera pamenepa. Unduna wa zamaphunziro unati anthu pafupifupi 760,000 ali m'ndende akhoza kuyenerera, koma kuyenerera ndi kupeza mpando m'kalasi ndi zinthu ziwiri zosiyana, malo ndi ochepa, mizere ndi yaitali, ndipo ndende iliyonse ili ndi kasankhidwe kake, zina zimayang'ana zaka zotsala zina zimayang'ana ngati munthu sanalembedwe mlandu wophwanya malamulo a m'ndende posachedwapa. Nchifukwa chake ndikuti alembetse msanga, komanso mumuuze kuti miyezi imeneyi apewe chilichonse chomulembetsa, olo wina amupute dala.

Chinthu chimodzi chimene anthu ambiri sachidziwa ndipo ndikufuna muchigwire bwino: Pell imatha. Munthu aliyense ali ndi malire a masemesita 12 pa moyo wake wonse, ngati zaka 6 za sukulu, kaya wazidyera mkati kaya kunja. Chaka cha sukulu cha 2024 mpaka 2025 ndalama yapamwamba inali madola 7,395, ndipo kwa mkaidi imapita ku koleji kulipira fizi ndi mabuku basi, iye salandira kanthu m'manja. Ndiye "ulere" uja ndi thumba lake lomwe limene likuchepa semesita iliyonse. Akalithera pa makosi oduka mutu, tsiku lotuluka adzapeza kuti palibe chomulipirira sukulu kunja. Ndiye funso lisangothera poti kuli sukulu, mufufuzenso ngati sukulu imeneyo ili yoyenera kuthera thumba lakelo.

Ine ndinadziperekapo zaka ziwiri kuthandiza masamu pa ndende ina ya abambo, Lachiwiri lililonse madzulo. Pachipata umasiya foni, makiyi, chikwama, zonse, umalowa ndi jumbo ya pulasitiki yoonekera mkati ndipo pepala lililonse limene wanyamula liyenera kuti linavomerezedwa kale. Kope la waya kumbali silololedwa. M'kalasi mulibe intaneti, munthu akafuna kufufuza nkhani amalemba pempho pa pepala nkudikira masiku kuti wina kunja amusindikizire. Munali bambo wina wa zaka za m'ma 40, ankakhala pafupi ndi chitseko nthawi zonse, mafulakishoni anamuzunza miyezi iwiri yathunthu. Tsiku lina anabwera ndi chikatoni chimene anang'amba pa bokosi, atajambulapo mabwalo nkuwagawa zidutswa ndi kapensulo kakafupi ngati chala, nkundiuza kuti wazimvetsa usiku ataima pa chitseko cha selo pomwe pamalowa kuwala kwa m'khonde, chifukwa mnzake wogona naye anali atagona ndipo sanafune kumudzutsa. Anakhoza mayeso apakati bwinobwino. Kutatsala masabata 3 kuti semesita ithe ndinapeza mpando wake uli wopanda munthu, anzake nkundiuza kuti amusamutsira ku ndende ina m'mamawa, kumene kunalibe koleji. Ntchito yonse ija sinalembedwe paliponse, ma credit, mapointi amene koleji imakuwerengera ukamaliza kosi, sanapeze. Ndinalephera kuphunzitsa bwino tsiku limenelo ndipo mpaka lero ndikaganiza chikatoni chija mtima umandiwawa.

Ndakuuzani zimenezi chifukwa mdani wamkulu wa sukulu ya m'ndende nthawi zambiri si mutu wa wophunzira ayi, ndi kayendetsedwe ka ndendeyo. Kukakhala lockdown, pamene akaidi onse amatsekeredwa m'maselo, makalasi amaima sabata kapena kuposa, asilikali akachepa pa shifiti kalasi kulibe, kuwerenga akaidi kukachedwa ola lathunthu lapita. Digiri ya associate imene kunja imatenga zaka 2 mkati ikhoza kutenga 3 kapena 4. Ndiye mlongo wanu afunse kwa oyang'anira maphunziro pandendepo ngati ali ndi dongosolo loletsa kusamutsa munthu ali pakati pa sukulu, ena amati education hold ena transfer hold, malo ena lilipo ndipo nthawi zina umachita kupempha wekha.

Tsopano ntchito yanu achemwali, chifukwa inu muli ndi chinthu chimene iye alibe, intaneti ndi foni yoimba nthawi imene mwafuna. Mumufunse dzina lenileni la koleji imene ikupereka maphunzirowo, osati dzina la pulogalamu chabe. Mukalipeza fufuzani ngati ndi yovomerezeka, chimene kumeneko amati accreditation, mndandanda wake uli pa webusaiti ya U.S. Department of Education komanso ya bungwe la CHEA, ndipo kuyang'ana ndi kwaulere. Kenako imbirani koleji imeneyo muwafunse ngati makosiwo ali ndi ma credit enieni olembedwa pa transcript, chikalata cha makosi ndi magiredi, yofanana ndi ya ophunzira a kunja kwa ndende, ndiponso ngati munthu akatuluka asanamalize angapitirize pa kampasi pawo. Ubwino wake mapulogalamu amene akulandira Pell panopa amayenera kuvomerezedwa ndi akuluakulu a ndende, bungwe la accreditation komanso unduna, makoleji a bizinesi ongofuna phindu saloledwa, ndipo ma credit ayenera kukhala oti koleji ina imodzi mu state imeneyo ikhoza kuwalandira. Ndiye ya pa chipepala ija ikakhala ya Pell, pali anthu angapo amene aiona kale.

Ya makalata ija ndi imene ndikuikayikira, osati chifukwa zonse za makalata nzabodza. Adams State University ya ku Colorado mwachitsanzo yakhala ikuphunzitsa akaidi kudzera m'makalata kwa zaka zambiri ndipo ndi yunivesite yeniyeni ya boma. Koma pali ena amene amadziwa kuti mkaidi sangathe kufufuza ndipo achibale ake ali ndi chisoni, ndiye amawadyera masuku pamutu, amatumiza timabuku ndi chipepala chokongola cha chidindo chagolide chimene palibe koleji kapena bwana wa ntchito angachiwerengere. Olo ikhale yeniyeni, funsaninso ngati ndendeyo imalola mabuku awo kulowa, chifukwa malo ambiri amakana a chikuto cholimba kapena osachokera kwa wogulitsa wovomerezeka, komanso ndani adzayang'anira mayeso, chifukwa mayeso amafuna wogwira ntchito pandendepo avomere kukhala pompo. Ndinaonapo banja litalipira kosi yonse mabuku nkubwezedwa pachipata, ndalama kulowa m'madzi.

Mapepala ena oti muthandize kusaka: setifiketi yake ya sekondale kapena GED, mayeso olowa m'malo mwa setifiketi ya sekondale, popanda imeneyo ayambe kaye GED yomwe ndende zambiri zimaphunzitsa, ndipo m'ndende za federal amene alibe amakakamizidwa kulowa kalasi maola osachepera 240. Ngati anaphunzirapo koleji asanamangidwe itanitsani transcript, ma credit akale aja akhoza kumudulira ulendo. Ndipo ngati anatengapo ngongole ya sukulu ya boma nkusiya kubweza mpaka inalowa default, imeneyo imatsekereza Pell mpaka itakonzedwa, pali njira yoikonzera yolipira kandalama kochepa maulendo 9 pa miyezi 10, koma pamafunika munthu wakunja woimba mafoni. Fomu yopemphera Pell ndi FAFSA ndipo ilipo yapepala ya anthu a m'ndende, koleji imathandiza kulemba.

Pali nkhani ina imene simunaitchule mu imelo koma kwa ife obwera ndi yaikulu, mapepala ake okhalira m'dzikomo. Pell ndi ya nzika, a green card, ndi magulu ochepa monga othawa kwawo ovomerezeka. Ngati analowa ndi viza nkupitirira masiku, Pell sangaipeze, chiyembekezo chake ndi mapulogalamu oyendera ndalama za opereka mwaufulu kapena za state, ena mwa amenewo safunsa zimenezi. Komanso olo akhale ndi green card, mlandu wa zaka 9 ukhoza kuchititsa kuti akamaliza chilango a immigration amutenge nkumubweza kwawo, izi mukambirane ndi loya wa za immigration panopa osati chaka chomaliza. Ndazitchula pano chifukwa zimasintha chimene ayenera kuphunzira. Laisensi ya state imodzi siwoloka nyanja, koma digiri ya koleji yovomerezeka kapena luso lenileni la m'manja amapita nalo kulikonse kumene angamutsitse.

Ndiye setifiketi kapena digiri? Anthu ambiri angakuuzeni kuti setifiketi, poti ndi yachangu ndipo ntchito zamanja monga kuwotcherera, zamagetsi, ukalipentala, kukonza mafiriji ndi ma air conditioner zimalemba anthu amene anamangidwapo mosavuta kusiyana ndi za mu ofesi, ndipo apo sakunama. Munthu wotsala ndi chaka chimodzi ndingamuuze zomwezo. Koma mlongo wanu watsala ndi zaka mwina 7, mwina zocheperapo akamudulira. Setifiketi ya miyezi 9 akaitenga lero idzakhala itagona zaka 6 asanaigwiritse ntchito, manja atayiwala, ndipo ena monga a kuwotcherera amatha mphamvu ngati suonetsa kuti ukugwirabe ntchitoyo. Ine maganizo anga ndi oti ayambe ndi makosi a digiri, kulemba, masamu, sayansi, amenewa sawola ndipo koleji iliyonse imawafuna. Associate ndi ma credit pafupifupi 60, bachelor's pafupifupi 120, ndipo ya associate ija imawerengedwa ngati theka la ulendo wa inayo. Ya manja adzaitenge zaka ziwiri zomaliza kuti adzatuluke nayo ya moto. Ngati pandendepo pali setifiketi yokha basi, atenge, bola ikhale ya ma credit oti adzawaphatikize ku digiri mtsogolo. State zina zimadulanso masiku a chilango munthu akamaliza maphunziro, California ndi imodzi mwa izo, afunse za kwawoko.

Chenjezo lina ndi la ntchito zofuna laisensi. Unamwino, uphunzitsi, ulonda ndi zina zambiri, state iliyonse ili ndi malamulo ake oletsa anthu a milandu ina. Ku California akaidi akhala akuzimitsa moto wa m'nkhalango kwa zaka zambiri koma akatuluka ambiri ankakanika kupeza setifiketi ya EMT, ya opereka chithandizo chadzidzidzi kwa ovulala, imene maofesi ambiri ozimitsa moto amafuna, mpaka mu 2020 pamene anakhazikitsa lamulo lowatsegulira njira yofufutitsa mlandu. Mapulogalamu a Pell saloledwa kulembetsa munthu kosi ya ntchito imene lamulo limamuletsa, koma wa makalata uja palibe chomukakamiza kukuuzani zimenezi, iye bola mwalipira.

Za mawu a amayi. Sindikufuna kuwatsutsa mwachipongwe chifukwa ndikumva kutopa kumene kuli kuseri kwa mawuwo, mayi amene anakhala m'khoti kumva mwana wake akuwerengeredwa zaka amaopa kuyembekezeranso kanthu. Ndipo mbali ina akunena zoona, digiri sifufuta mlandu, mabwana ambiri adzafufuzabe mbiri yake ndipo ena adzamukana pepala lili m'manja. Koma muwauze izi. Bungwe la RAND linasonkhanitsa kafukufuku wa zaka zambiri ndipo mu 2013 linapeza kuti akaidi amene analowa maphunziro mwayi wawo wobwereranso kundende unali wotsika ndi 43 peresenti poyerekeza ndi amene sanalowe, ndipo dola iliyonse yolowa ku maphunzirowa inkapulumutsa madola 4 mpaka 5 amene akanathera kusunga anthu obwereranso. Atabwereza mu 2018 nkuyang'ana kafukufuku wokhwima yekhayekha nambala inatsika kufika 28 peresenti. Ena amati nanga si amene amalembetsa sukulu ndi amene anasintha kale mtima, ndipo mfundoyo ili ndi nzeru, koma kwa inu imeneyo ndi nkhani yabwino, chifukwa mlongo wanu ndi m'modzi mwa amene aona chipepala pakhoma nkuimba foni.

Ndipo pali china chimene nambala sizionetsa. Zaka 7 zimenezo zidzadutsa ndithu kaya aphunzira kaya ayi, ndipo tsiku la m'ndende ndi lalitali zedi, limadzazidwa ndi chinachake basi, ngati si buku ndiye ndi makadi, mikangano, ngongole za m'selo ndi magulu. Amuna amene ndinkawathandiza aja ankasungana okha, wina akafuna kuchita ndewu anzake ankamukoka kuti ukalembedwa utaya kalasi. M'chipinda chija ndi malo okhawo pandende yonse pamene ankaitanidwa ndi dzina osati nambala, ndipo wina anandiuza kuti kwa nthawi yoyamba akaimbira mwana wake wamkazi amakhala ndi chokamba, onse awiri ali ndi homuweki, amafunsana kuti wapeza zingati. Kwa banja lanu kungakhalenso chimodzimodzi, mafoni asiye kukhala a "nditumizireni ndalama" okhaokha.

Ngati mukufunabe kuikapo ndalama, ikani pa zazing'ono zimene Pell sifikako: mapepala, masitampa, dikishonale ya chikuto chofewa yoitanitsa kwa wogulitsa amene ndendeyo imalola, ndi kandalama ka mu akaunti yake, chifukwa nthawi zina kulowa sukulu kumatanthauza kusiya kantchito ka m'ndende kamene kamamupatsa ya sopo, ndipo ndinaona anthu akusiya kalasi pa chifukwa chimenechi chokha.

Mafoni a kundende ndi aafupi, malo ambiri amaduka pa mphindi 15, ndiye akadzaimbanso mukhale mutalemberatu mafunso pa pepala, dzina la koleji, ngati ndi ya Pell, nkhani ya hold ija, ndi dzina lonse la sukulu ya makalata pamodzi ndi adiresi yake. Mukazipeza nditumizireni pa imelo yomweyi tiyang'ane limodzi. Ndipo musungeko mphindi ziwiri zomufunsa kuti iyeyo akufuna kuphunzira chani, chifukwa mu imelo yanu mwandiuza zimene amayi akuganiza ndi zimene inu mukuopa, koma zimenezo simunandiuze.